Lole ya Dongo Imene Inayenda Pakhonde

Ku Lilongwe tinafika pa lole ya boma, ine nditakhala pamwamba pa matiresi, mlongo wanga wamng'ono atakumbatira wailesi ya adada kuti isagwe. Zinali zaka zija likulu la dziko linkasamuka kuchoka ku Zomba. Maofesi ankanyamuka mosinthana, mwezi uno awa, mwezi wamawa awo, ndipo ofesi ikanyamuka mabanja a antchito ake ankatsatira ndi miphika, mabedi ndi nkhuku zomwe. Adada anali kalaliki. Kwawo kunali ku Rumphi, choncho m'nyumba tinkayankhula Chitumbuka, Chichewa n'kumachitola panja.

Nyumba imene anatilonjeza tinaipeza isanathe. Makoma anali atangofika m'chiuno mwa munthu, udzu utamera pamene panayenera kukhala pabalaza. Amama anaiyang'ana, nayang'ananso adada. Madzulo a tsiku lomwelo tinakatsitsa katundu ku Old Town, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya bambo wina wachisilamu amene ankakhoma zidebe, mbaula ndi nyali za koloboyi. Tinkadzuka ndi kulira kwa nyundo yawo, ndipo masiku oyamba amama ankadandaula mutu. Posakhalitsa iwo ndi mayi a panyumbapo anayamba kubwerekana mchere ndi mafuta, phokoso lija n'kuiwalika.

Panyumbapo panali mtsikana wa msinkhu wanga. Tsiku loyamba anandifunsa ngati ku Zomba kulidi phiri lofika kumitambo, ine ndinati inde, ndipo ubwenzi wathu unayambira pomwepo. Mpaka lero timaitanana kuti achemwali.

Loweruka adada ankapita kukaona m'mene nyumba ija ikuyendera, ndipo ankatitenga ine ndi mnzangayo. Kumene lero kuli City Centre kunali thengo, minda yakale ndi fumbi lofiira lolowa mpaka m'mano. M'fumbimo munkayenda makina achikasu amene chibadwire sitinawaonepo: mabuludoza okankha chulu chonse ngati mulu wa phulusa, magalimoto otsanula okha mchenga, ndi china chachitali chokweza zitsulo m'mwamba. Ife tinkangoima kukamwa kuli yasa. Tikabwerera ku Old Town tinkathamangira kumtsinje kukakumba dongo.

Atsikana anzathu ankaumba timiphika, anyamata ankaumba ng'ombe. Mnzangayo bambo ake anali atamuuza kuti asamaumbe anthu kapena nyama, poti pachipembedzo chawo sizoyenera, koma za makina sananenepo kanthu. Ndiye ife tinkaumba mabuludoza ndi malole. Bambo akewo ataona anaseka, n'kuyamba kutisungira tizidutswa ta malata toti tizimata kutsogolo kwa buludoza. Matayala tinkawaboola ndi kamtengo. Zikauma padzuwa tinkazikankha ndi dzanja, pakamwa tikulira ngati injini, mpaka china chitathyoka, mawa n'kuumbanso.

Kusukulu zinali zina. Phunziro la zojambula linalipo, koma nthawi zambiri tinkajambula pansi ndi chala kapena pasileti. Pepala loyera linkabwera mwa apo ndi apo, ndipo aphunzitsi akamagawa ankanena kuti, "Wowononga lake asayembekeze lina." Ine amene kumtsinje ndinkaumba chilichonse mopanda mantha, pepalalo likafika patsogolo panga dzanja linkauma. Ndinkajambula kanyumba kakang'ono pakona, pepala lonselo n'kutsala loyera.

Nyumba ija itatha tinasamukirako, kudera kumene kunalibe sitolo kapena msika, koma nyumba zofanana zitayalana m'fumbi. Ndinalira posiyana ndi mnzanga, koma amama ankapitabe ku Old Town kukagula zinthu, ndipo sankandisiya.

Nditakula ndinakhala mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo ndinaphunzitsa m'sukulu zingapo za mumzinda uno mpaka ndinapuma. Kanyumba ka pakona kaja ndinakaona m'manja mwa ana osawerengeka. Kalasi inkadzaza mpaka pakhomo, makrayoni anali ochepa, ndipo mwana akalakwitsa mzere ankafufuta ndi malovu mpaka pepala kubooka, kenaka n'kubwera maso ali pansi: "Madamu, ndalakwitsa." Ndinkawauza kuti pa zojambula palibe kulakwitsa, koma iwo ankadziwa bwino lomwe kuti pepala lina ndilibe.

Tsopano ndimakhala ku Area 14, kwa mwana wanga wamwamuna. Kuno n'kwachete. Mipanda ndi yaitali, ana amapita kusukulu pagalimoto, ndipo ukhoza kutha mwezi osadziwa kuti kuseri kwa khoma kuli mwana. Mdzukulu wanga wamkazi, amene ali m'makalasi apakati a pulayimale, bambo ake anamugulira tabuleti kuti aziwerengerapo. Ine ndinkaiona ngati wailesi yakanema ya m'manja basi, ndipo ndinkangomukumbutsa kuti asawononge maso.

Tsiku lina masana ndinam'peza pakhonde atagona chafufumimba, chala chikuyenda pagalasi. Ankajambula tambala, ndipo tambalayo anadzaza galasi lonse, mchira mpaka kutulukira kunja. Ndikuyang'ana choncho, anakoka mzere wa khosi n'kupotoka. Ngati kale m'kalasi, ndinkadziwa chimene chimatsatira. Koma iye anangogunda kamuvi kokhota kamene kanali pamwamba, mzere uja n'kuzimiririka, tambala n'kutsala bwinobwino. Anakoka wina.

"Wapanga bwanji pamenepo?" ndinamufunsa.

"Ndangobweza, agogo."

"Bwezanso ndione."

Anagunda kamuvi kaja, mzere unachoka. Anagunda kena, mzere unabwerera. Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti, ngakhale mawondo anga sakonda zimenezo.

"Ungabweze kangati?"

"M'mene mungafunire. Tayesani."

Ndinaika chala pagalasi, ndipo kunena zoona chinapita chokha pakona. Mdzukulu wanga anachigwira n'kuchikokera pakati. "Jambulani chachikulu, agogo. Sizikutha izi." Ndinakoka mzere kuchokera mbali ina kukafika ina, wofiira, wonenepa ngati chingwe cha ng'ombe. Ndinaubweza. Ndinakoka wobiriwira, n'kuubwezanso. Ndinayamba kuseka ndekha, mpaka mpongozi wanga anatuluka m'khitchini kudzaona chimene chachitika.

Sabata imeneyo ndinali ngati mwana wa sitandade wani. Mdzukulu wanga anandionetsa kuti utoto ulimo wa mitundu yonse, ndipo suuma kapena kutha. Burashi yomweyo ikhoza kusanduka choko, makala kapena utoto wamadzi. Ukhoza kujambula thambo palokha, mtengo pawokha, kenaka n'kusuntha mtengowo osakhudza thambo. Anandionetsanso timavidiyo ta anthu akutali akuphunzitsa m'mene amajambulira dzanja la munthu, chinthu chimene ine zaka zonse ndinkachizemba pa bolodi. Ndikatsala ndekha ndinkaganiza za ana anga aja a malovu papepala, ndipo ndinaona kuti chinthu chotere sichingathere pa mwana mmodzi.

Ndinaimbira foni achemwali. Iwo ku Old Town sanachokeko. Anakwatiwa komweko, ndipo amagulitsa nsalu pafupi ndi msika.

"Achemwali, Loweruka mubwere. Mutenge ndi mdzukulu wanu uja wokonda kulembalemba m'makoma."

"Kwagwanji?"

"Mudzaona nokha. Pafoni sindingathe kulongosola."

Anabwera pa minibasi ndi mnyamatayo. Ine ndinali nditaitananso mwana wina. Kunyumba yoyandikana nafe kuli bambo wosamalira maluwa, amene amakhala ndi banja lake m'kanyumba ka antchito kuseri. Mwana wawo wamkazi ndinkamuona kawirikawiri pageti akujambula pamchenga ndi kamtengo, munthu akamadutsa n'kufufuta ndi phazi. Ndinakawapempha bambo akewo, ndipo iwo anavula chipewa n'kunena kuti, "Ngati sakakusowetsani mtendere, amayi." Mwanayo anabwera ndi ang'ono ake, ndipo Loweruka lotsatira kunabweranso ena amene sindinawaitane.

Ndinakhala pambali n'kumaonerera m'mene ana amenewa ankajambulira. Sankayamba ndi kuganiza nthawi yaitali ngati ife kale. Wina ankapaka thambo lofiirira, kuyang'ana, kulibweza, kuyesa lachikasu. Wina anajambula galu wa miyendo yaitali ngati ya nyamalikiti, anzake anaseka, iyenso anaseka, n'kuifupikitsa. Mawu aja akuti ndalakwitsa sindinawamve.

Mdzukulu wa achemwali anakopeka ndi chinthu chimodzi. Pali pena pamene ukagunda, mzere umene ukukoka kumanzere umadzikokanso wokha kumanja, ngati pakalilole. Mnyamatayo anayamba kupanga maluwa ndi timizere tolukana, ngati tija timasokedwa pa zipewa zovala popita kumzikiti. Agogo ake anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa. "Chikanabwera kale chimenechi, bwenzi ndikugulitsa nsalu za maluwa angaanga," anatero.

Mwana wa kuseri uja ndiye anavuta. Nthawi yake itakwana anabisa manja kumbuyo. "Ndingaiswe," anatero chapansipansi. Mdzukulu wanga anamuonetsa kamuvi kaja, koma iye ankaopa galasi lenilenilo, osati mzere. Tinamusiya. Ankangoima kumbuyo kwa anzake, khosi litatalika.

Vuto linali lakuti tabuleti inali imodzi, ana ambiri. Wina akamajambula, ena ankadandaula kuti wachedwetsa. Ndiye ndinapempha bambo wa maluwa uja kuti andipezere dongo, ndipo anabwera nalo m'thumba la simenti kuchokera kudambo lina. Ndinaganiza kuti oyembekezera aziumba, manja asangokhala. Ana ena a kuno anali asanagwirepo dongo, moti mdzukulu wanga analikhudza ndi nsonga za zala ngati chinthu chonyansa. Koma mwana wa kuseri uja anakhala pansi, kutambalala, n'kuyamba kukanda ngati wafika kwawo.

Ine ndi achemwali tinayang'anana. Sitinapangane. Iwo anapinda manja a diresi, ine ndinavula wotchi, ndipo posakhalitsa panali lole pakati pathu, iwo akuumba mutu, ine bodi ndi matayala. Zala zinkakumbukira zokha. Ana anasiya tabuleti n'kutizungulira.

"Ndi galimoto yanji imeneyi?" anafunsa mdzukulu wanga.

"Ndi imene inandibweretsa kuno kuchoka ku Zomba."

Anaiyang'ana kwa kanthawi. "Agogo, tikhoza kuiyendetsa."

"Inde, umakankha ndi dzanja, pakamwa n'kumalira."

"Ayi, iziyenda yokha. Ndinaona pavidiyo."

Anatenga tabuleti, naiimika pampando ataitsamiritsa ku mabuku, kamera italoza pansi pamene panali lole. Anatichenjeza kuti wina asagwedeze mpando. Anajambula chithunzi. Kenaka anati lole isunthidwe pang'ono, pang'ono zedi ngati m'lifupi mwa chikhadabo, dzanja lichoke, iye ajambulenso. Mwana wa kuseri uja ndi amene anali pafupi, ndiye anaisuntha. Chithunzi. Anaisunthanso. Chithunzi. Tinachita zimenezi mpaka msana wanga unayamba kudandaula, ndipo achemwali anandinong'oneza kuti, "Kodi tikupanga chiyani kwenikweni?" Ine ndinati sindikudziwa.

Kenaka mdzukulu wanga anati tonse tibwere. Tinaunjikana, mitu ikugundana. Anagunda pakati pa galasi.

Lole inayenda. Inachoka pafupi ndi mphika wa maluwa, inadutsa pasimenti ikugwederagwedera ngati ili pamsewu wa fumbi, n'kukaima pafupi ndi mwendo wa tebulo. Dzanja silinaoneke, chingwenso panalibe. Kanali kanthu kakafupi zedi, koma achemwali anakuwa kuti, "Mayo ine!" n'kundimenya paphewa ndi dzanja la dongo. Ine misozi inali m'masaya chifukwa cha kuseka. Ana ankalumpha. Tinaionera mobwerezabwereza mpaka batire linatha, ndipo pamene tinkathamangira chaja tinapeza kuti magetsi azima.

Mwana wa kuseri uja sanalumphe nawo. Anatsalira pansi akuyang'ana lole yeniyeniyo, kenaka anandifunsa kuti, "Agogo, dzanja langa lapita kuti?"

Mdzukulu wanga anamulongosolera kuti dzanja linkachoka chithunzi chisanajambulidwe, ndipo zithunzi zikathamangitsidwa motsatana maso amaona ngati chinthu chikuyenda. Mwanayo anagwedeza mutu.

"Ndiye chilichonse chikhoza kuyenda?"

"Chilichonse."

"Ngakhale mwala?"

"Ngakhale mwala."

Kuyambira tsiku limenelo mkangano wa tabuleti unatha, chifukwa ntchito inachuluka kuposa manja. Ana anagwirizana kuti apange filimu yeniyeni, ya kusamuka kwa likulu. Ambiri a iwo sankadziwa n'komwe kuti likulu linakhalapo kwina. Anatikhazika pansi ine ndi achemwali n'kutipanikiza ndi mafunso. Munanyamula chiyani? Nkhuku zinakwera pati? Kodi nyumba za maofesi nazonso anazikweza pa lole? Achemwali anawauza za anthu a ku Old Town amene ankaima m'mbali mwa msewu kuonerera alendo ovala mataye akutsika pa malole ali mbuu ndi fumbi, ndipo ana anati zimenezo zisasiyidwe.

Ntchito anagawana okha. Mdzukulu wa achemwali anatenga makina onse ndi malole, komanso maluwa ozungulira dzina la filimu. Ena anaumba anthu, nkhuku ndi matiresi. Mdzukulu wanga anajambula patabuleti phiri la Zomba ndi thambo, bambo ake n'kukatisindikizira pamapepala aakulu kuti tiziimika kumbuyo. Loweruka lina mwana wangayo anatinyamula pagalimoto kupita ku City Centre, kuti ana akaone nyumba zazitali zimene anayenera kuumba kumapeto. Ndinawaimika pamalo ena n'kuwauza kuti cha apa ndinaonapo buludoza ikugwetsa chulu. Anayang'ana phula, magalimoto oimikidwa ndi anthu ogulitsa mayunitsi, ndipo ndinaona kuti sakundikhulupirira kwenikweni. Komabe anajambula zithunzi zambiri, ndipo pobwerera ankatsutsana za m'mene angapangire mawindo a dongo kuti azinyezimira.

Wosuntha zinthu anali mwana wa kuseri uja, ndipo palibe amene ankam'posa. Anali ndi dzanja lofatsa. Anazindikira yekha kuti ukasuntha pang'ono chinthu chimayenda mwaulemu, ukasuntha kwambiri chimathamanga. Anapangitsa nkhuku kujompha pansi, mayi wa dongo kutembenuka kuyang'ana m'mbuyo. Kuti aone ngati zayenda bwino ankayenera kusuzumira pagalasi, ndipo tsiku lina ndinangoona chala chake chagunda chokha, osapempha aliyense. Ndinayang'ana kumbali, kuopa kumudzidzimutsa.

Sikuti zonse zinkandisangalatsa. Ana ena anapeza kuti m'tabuletimo muli zithunzi zopangidwa kale, mitengo, nyumba, magalimoto, zoti ungotenga n'kumata. Mnyamata wina anabwera nazo monyadira, nati palibe chifukwa chovutikira. Zinali zokongoladi, koma mitengo yake inali ya kumayiko ozizira. Ndinamutengera kuseri kwa nyumba n'kumuimika pansi pa mtengo wa mapapaya.

"Uwu ulimo mmenemo?"

Anafufuza, sanaupeze.

"Ndiye ujambule iweyo, chifukwa winayo sanauonepo."

Ananyinyirika, koma anaujambula, ndipo unalowa m'filimu.

Tsoka linagwa nyengo yotentha. Tinali titafika pakati pa ulendo, lole ili pamsewu wa mchenga umene tinaukonza pakhonde, itasenza katundu ndi banja lonse. Dongo linali litauma kwambiri ndi dzuwa. Mwana wa kuseri uja atangoikhudza, tayala lakutsogolo linathyoka, lole inapendekeka, matiresi ndi nkhuku n'kukhuthukira pansi. Mdzukulu wa achemwali, mwini lole, misozi inayamba kulengeza m'maso. Mdzukulu wanga anayang'ana kamuvi kake kaja, koma kamuvi sikabweza dongo.

Ine ndinali nditayamba kale kunena kuti tiumba ina, pamene mwana wa kuseri uja anati, "Musakhudze. Jambula pomwepa."

"Yathyoka," anatero mdzukulu wanga.

"Eya. Yachita ngozi. Jambula."

Anajambula. Mwanayo anayamba kusuntha tayala lija pang'onopang'ono, likugubuduka lokha kulowera kuthengo. Nkhuku anazibalalitsa, ina uku ina uko. Bambo wa dongo, amene ana ankati ndi adada, anatsika n'kuima pambali pa msewu mutu utawerama. Mdzukulu wa achemwali uja anapukuta m'maso, nathamanga kukatenga buludoza yake kuti idzakoke lole. Titaonera tinaseka mpaka mlonda wa pageti anabwera kudzasuzumira. Ine ndinawauza kuti paulendo weniweniwo sitinachite ngozi, koma anandiyankha kuti filimu ndi yawo.

Mawu anaikamo pomaliza. Anadzitsekera m'chipinda chosungiramo katundu kuti agalu asamveke, wina akulira ngati injini, wina ngati nkhuku. Anandipempha ndiwaphunzitse m'mene adada akanakalipira dalaivala m'Chitumbuka. Ndinawauza kuti adada sankakalipa, ankangotsokomola munthu n'kudziwa yekha, koma iwo anati kutsokomola sikusangalatsa, ndiye ndinawapatsa mawu ochepa aulemu oti anene mokweza.

Filimuyo tinaionetsa Lamlungu lina masana, pa wailesi yakanema ya pabalaza, titatseka makatani. Makolo a ana onse anaitanidwa. Bambo wa maluwa uja anafika atavala jekete, naima pakhomo akufuna kuvula nsapato, koma mwana wanga anawagwira dzanja n'kuwakhazika pampando wa kutsogolo. Achemwali anabwera ndi amuna awo, ndi mandasi odzaza beseni. Filimu yonse inali yaifupi kuposa nyimbo imodzi ya kutchalitchi, choncho tinaionera, kuionera, kuioneranso. Pofika pa ngozi paja anthu ankayamba kuseka tayala lisanathyoke. Chakumapeto nyumba za ku City Centre zinkamera ngati bowa, nsanjika pamwamba pa nsanjika, ndipo amuna a achemwali, amene anagwirako ganyu yonyamula njerwa ali mnyamata, ankaloza ndi ndodo kuti iyo ndi iyo anaziona zili pamaziko. Mlongo wanga, amene anabwerera ku Rumphi atapuma ntchito, tinamutumizira pafoni, ndipo anaimba nthawi yomweyo kudandaula kuti ana amupanga mutu waukulu.

Anthu akubalalika, bambo wa maluwa anandiyandikira foni ili m'manja. Inali foni yakale ndithu, galasi lake long'aluka m'mbali.

"Amayi, kodi zimenezi zingalowe umu? Ndikufuna akaone akumudzi."

Mdzukulu wanga anawaikira filimuyo. Kenaka anayang'anayang'ana m'fonimo n'kunena kuti kamera yake ndi yabwino, ndipo pulogalamu yojambulira ija ikhoza kulowanso. Bamboyo anayang'ana mwana wawo. Mwanayo anayang'ana pansi, koma zala zake za kuphazi zinkavina.

Sukulu zitatsekera banja lawo linapita kumudzi kwawo, cha ku Mitundu, ndipo pakhonde pathu panakhala zii kwa kanthawi. Atabwerako, mwanayo sanadikire Loweruka. Anagogoda pageti m'mawa, ine ndisanamalize tiyi, foni ya bambo ake ataigwira ndi manja awiri.

"Agogo, taonani."

Anali atapanga filimu yakeyake. Kumudziko dongo labwino linali kutali, ndiye anagwiritsa ntchito zimene zinalipo. Zitsononkho za chimanga zinavala tinsanza n'kukhala amayi opita kuchitsime. Tizitsekerero ta mabotolo tinali ndowa. Nyemba zinkayenda pamzere ngati mbuzi, ndipo imodzi inkathawathawa, chitsononkho china n'kumaithamangitsa. Foni anaiimika pa njerwa, ndipo pena chithunzi chinkadumpha chifukwa wina anagunda njerwayo. Penanso pankaoneka kadzanja kamene kanachedwa kuchoka.

"Dzanja ili ndi la ndani?" ndinamufunsa.

"La msuweni wanga. Ndinawaphunzitsa onse, koma iyeyu amapupuluma."

"Onse ndani?"

"Ana a pamudzi. Ena ankachokera kutsidya. Batire likatha tinkapita kukatchajitsa pagolosale, pobwera n'kupitiriza."

M'filimumo munkamveka nyimbo ya amayi, ndiye ndinamufunsa amene anaimba. Anati ndi azakhali ake ndi anzawo. Poyamba anakana, ati n'za ana, koma ataona zitsononkho zikuyenda anakhala pamkeka n'kuimba, ndipo anaumirira kuti abwereze chifukwa ulendo woyamba wina anasochera mawu.

Ndinaitana mdzukulu wanga, mpongozi wanga ndi mayi wotithandiza ntchito za m'nyumba, tonse tinaonera titaimirira pakhonde. Kenaka ndinaimbira achemwali kuti akwere minibasi. Iwo anati ali ndi makasitomala, ine ndinati makasitomala adikire. Pamene ankafika, ana awiriwo anali atakhala kale pasimenti, mbale ya nyemba ili pakati pawo, akutsutsana ngati nyemba ingathe kudumpha mpanda, ndi kuti angaigwire ndi chiyani m'mwamba kuti ulusi usaoneke.